13B pa ndege yomanga pamanja: puresha ya mafuta ikugwa, injini ikatentha sikulira

Namzeze:

Akuluakulu, mutu umodzi susenza denga, n'chifukwa chake vutoli ndabwera nalo kuno. Ndege yake ndi ya anthu awiri, mapiko ali m'munsi, mathanki ali m'mapikomo. Ili pa kabwalo kena kuno ku Highveld, ku South Africa, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600. Sinanyamukepo, tikadali pa mayeso apansi.

Injini ndi Mazda 13B, ya mtundu wa rotary (m'malo mwa mapisitoni ili ndi ma rotor awiri ozungulira), yochotsa mu galimoto ya RX-7 ya 1989, yopanda turbo, giyabokosi ya pulopela ndi ya 2.85:1. Mainjekita alipo anayi a 460 cc, awiri a primary (ogwira ntchito nthawi zonse) ndi awiri a secondary (othandiza pa mphamvu zambiri). Mapampu a magetsi ndi awiri a Walbro, iliyonse imatha kugwira yokha, ali pa firewall (khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu) mbali ya injini, masentimita 25 pamwamba pa potulukira mafuta m'thanki. Reguleta ya puresha ya mafuta ndinayichuna pa 43 psi ndipo ili ndi kapayipi kopita ku manifold (njira yolowetsa mpweya mu injini). Mafuta otsala amabwerera mu kathanki ka malita 2 kamene kalinso mbali ya injini komweko. Ndikuthira petulo wa galimoto wa 95, wosakaniza ndi oyilo wa two-stroke mamililita 8 pa lita, popeza pampu ya fakitale yothira oyilo m'zipinda za rotor ndinachotsa.

M'mawa ikazizira imalira bwinobwino, masekondi atatu kapena anayi basi. Ikayenda mphindi 20, n'kuizimitsa, n'kudikira mphindi 10 kapena 15, sitata imangozungulira. Nthawi zina imatsokomola kamodzi n'kusiya. Petulo amanunkha, ndipo pulagi ya leading (ya m'munsi mwa mapulagi awiri a rotor iliyonse) ya rotor yakumbuyo imatuluka yonyowa, yakutsogolo ili youma. Ndikayatsa pampu itatentha choncho, singano ya geji imagwedera pakati pa 15 ndi 30 kwa kanthawi, pampu n'kumalira mawu osiyana ndi a masiku onse, kenako n'kukhazikika pa 43. Ndikazimitsa pampu, puresha imagwa kufika pa 0 pasanathe mphindi ziwiri.

Ndiye mafuta akuchuluka kapena akuchepa? Ndikweze reguleta ifike 50, kapena ndigule mapampu ena?

Kabawi:

A Namzeze, reguleta musaikhudze, ndipo ndalama za mapampu zisungeni kaye. Injekita imatulutsa mafuta molingana ndi kusiyana kwa puresha ya mu rail (payipi yodyetsa mainjekita) ndi ya mu manifold, ndipo kuchuluka kwake kumatsata square root ya kusiyanako. Kuchoka pa 43 kupita pa 50 ndiye kuti mwawonjezera mafuta pafupifupi 8 peresenti paliponse, kuyambira poliza mpaka pa mphamvu zonse. Injini imene ikunyowetsa kale pulagi mukuithiranso ena. Komanso tebulo lonse la mafuta mu kompyuta munalichuna pa 43, lidzasokonekera.

Mwafunsa ngati mafuta akuchuluka kapena akuchepa. Zimene mwafotokozazi zikuonetsa zonse ziwiri, pamalo osiyana. Ine ndilankhulapo za kugwa kwa puresha mukazimitsa pampu.

Mafuta amene ali mu rail ali ndi njira zinayi zothawira: kubwerera kudzera mu check valve ya pampu (valavu yoletsa mafuta kubwerera m'mbuyo), kudutsa pa mpando wa reguleta kupita ku return (payipi yobweza mafuta otsala), kudontha pa injekita, kapena kudutsa pa diaphragm ya reguleta itabooka n'kulowa mu manifold kudzera mu kapayipi kaja. Ziwiri zoyambazo sizinyowetsa injini. Ziwiri zomalizazo ndizo zimaimiza m'mafuta. Kudontha kwa kunja ndikukhulupirira kuti munayang'ana kale.

Yambani ndi chophweka. Zulani kapayipi ka manifold pa reguleta, yatsani pampu. Pakaoneka ngakhale chinyontho cha petulo pa kamlomo kake, reguletayo yatha, ndipo sikonzedwa ndi guluu. Pakakhala pouma, ikani mavalavu awiri akanthawi, ina pakati pa mapampu ndi rail, ina pa return kuseri kwa reguleta. Mapayipi okhala ndi Teflon mkati kapena oluka ndi waya musawafinye ndi pulayasi, amasweka mkati mosaoneka. Gwiritsani geji ya singano yolumikiza pa rail penipeni, chifukwa sensa ya magetsi nayo imanama. Yatsani pampu ifike 43, izimitseni, nthawi yomweyo tsekani valavu ya kwa mapampu. Puresha ikaima, wolakwa ndi check valve. Ikapitiriza kugwa, bwerezani, koma ulendo uno tsekani ya return pampu itazima kale. Musatseke return pampu ikuyenda, mapampu amenewa amakankha kupitirira pamene mapayipi ndi geji yanu zingapirire. Ikaima pamenepo ndiye ndi mpando wa reguleta. Mukatseka zonse ziwiri n'kumagwabe, kwatsala mainjekita.

Check valve yotayira musaipeputse ngakhale siimiza injini. Mapampu anu ali awiri pa mzere umodzi. Ya pampu yachiwiri ikamatayira, pampu yoyamba ikamagwira ntchito mafuta ena amangozungulira kubwerera m'mbuyo kudzera mu inzakeyo, osafika ku injini. Yesani pampu iliyonse payokha.

Mainjekita muwaone ndi maso. Masulani rail, mangani injekita iliyonse ku rail ndi waya kuti puresha isaiphulitse, ikani pepala loyera pansi pake, chotsani fyuzi ya makoyilo, yatsani pampu, dikirani mphindi zisanu. Chozimira moto chikhale pafupi, ntchitoyi ichitikire panja. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ina imadontha pokhapokha ikatentha, ndiye yoyamba ikapanda kuonetsa kanthu bwerezani injini itangozima kumene.

Chifukwa chimene 13B imavutikira ndi kadontho kamene injini ya mapisitoni ingangotsokomola nako n'kulira ndi ichi. Mainjekita a primary amakhala pa chitsulo chapakati, pakamwa penipeni pa madoko, choncho chodonthacho chimagwera m'chipinda cha rotor. Pa liwiro la sitata, ma apex seal ndi ma side seal (tizitsulo totseka mpweya m'nsonga ndi m'mbali mwa rotor) amagwira khoma ndi tisipuling'i tawo ndi kaoyilo kopyapyala kokha. Petulo akatsuka kaoyiloko, kompuresheni imatsika, moto sugwira, inu mukupitiriza kupukusa, mainjekita akupitiriza kuthira, pulagi n'kumira. Mukamakakamira ndiye mukukulitsa vutolo.

Rotor yakumbuyo yokha kunyowa kukuloza injekita ya kumbuyoko. Komabe pulagi imanyowanso ngati sikulandira moto, ndiye yesani koyilo ya leading ya kumbuyo injini ili yotentha musanaweruze.

Chiombankhanga:

Za mainjekita a Kabawi anena zoona, sindiwonjezerapo. Chimene chandidetsa nkhawa ine ndi singano yogwedera ija ndi kusintha kwa kaliridwe ka pampu. Injini yokana kulira pansi imangotopetsa. Pampu yomeza nthunzi imazimitsa injini ndege ili mamita 50 m'mwamba kumapeto kwa bwalo. Ndegeyi isanyamuke mpaka singanoyo itasiya kugwedera, a Namzeze, chonde.

Mapampu a puresha yaikulu amakankha mwamphamvu koma kukoka sadziwa. Pakamwa pa pampu puresha ikatsika pang'ono, petulo wotentha amawira pomwepo, pampu n'kumapukusa thovu. Mawu achilendo mumamvawo ndi amenewo. Mmene mwayalira zinthu zanu, zonse zikuthandiza kuwirako.

Mapampu ali masentimita 25 pamwamba pa thanki, ndiye akukoka chokweza. Ali mbali ya injini, pamene utsi wa rotary umatuluka wotentha kuposa wa injini za mapisitoni, madigiri 850 kupita m'mwamba pa mphamvu zonse, ndipo mukazimitsa mphepo ya pulopela imatha, kutentha konse n'kutsekeredwa mu cowling (chivindikiro cha injini). Choipitsitsa ndi kathanki ka malita 2. Pampu imodzi imazunguza malita oposa 150 pa ola, injini pa idle imamwa osakwana 10. Ndiye mafuta omwewo akudutsa mu rail yotentha n'kubwerera mu kathankiko, kutha ulendo wonse pasanathe mphindi imodzi, ulendo uliwonse akutenga kutentha kwina. Pakatha mphindi 20 mwaphika mafuta. Onjezanipo kukwera kwa malo: pa mamita 1,600 mpweya umapanikiza pafupifupi 83 kPa m'malo mwa 101 ya kugombe, choncho petulo amayamba kuwira msanga. Avgas 100LL, petulo wa ndege, amapangidwa kuti vapour pressure yake (muyezo wa kufulumira kwake kusanduka nthunzi) ikhale pakati pa 38 ndi 49 kPa. Petulo wa galimoto amaloledwa kupitirira pamenepo, ndipo amasintha malinga ndi nyengo. Kwa amene akuwerenga ali ku Malawi, petulo wa kumudzi amasakanizidwa ndi ethanol, zimene zinayamba mu 1982. Ethanol amakweza kuwirako, amakoka madzi, ndipo amadya mapayipi ena a labala ndi zomatira zina za mathanki, ndiye chilichonse chokhudza mafuta chikhale chopirira ethanol.

Sindikunena kuti thawirani ku 100LL. Rotary imakonda petulo wopanda mtovu, ndipo mtovu wa 100LL umamata pa mapulagi mpaka mphamvu kumatsika mwadzidzidzi m'mwamba. Konzani mayalidwe, petulo wa 95 adzayenda bwino.

Mapampu atsike, akhale kuseri kwa firewall kumene kuli kozizira, pansi penipeni pa ndege, mafuta aziwafikira okha potsetsereka. Payipi yochoka ku thanki ikhale AN-6 (muyezo wa mapayipi a ndege) kapena yokulirapo, yaifupi, yopanda makona akuthwa a 90, yopanda pokwera pamene thovu lingakhale. Patsogolo pa pampu, mafuta asanalowemo, pakhale sefa ya mabowo aakulu, ma micron pafupifupi 100, yotambalala. Fyuluta yosalala ya ma micron 10 malo ake ndi kuseri kwa pampu. Ambiri amaika yosalalayo kutsogolo poganiza kuti akuteteza pampu, osadziwa kuti akuitsamwitsa. Mafuta otsala abwerere ku thanki yaikulu ya m'phiko, kumene malita ambiri ndi chikopa cha aluminiyamu zimawaziziritsa. Ngati mathanki ali awiri, valavu yosankhira ikhale ya njira ziwiri, yobweza mafuta ku thanki yomwe akuchokera. Mukapanda kutero mudzadzaza thanki imodzi mpaka kutayira pa venti uku inayo ikuuma. Kathanki kaja kachoke. Ngati pali chifukwa chokasungira, kachoke mbali ya injini, kakhale ndi payipi pamwamba pake yotulutsa nthunzi kupita ku thanki yaikulu, ndipo return isamathere mmenemo. Mapayipi onse otsala mu cowling avale firesleeve (chovala chopirira moto), atalikirane ndi ekizozi.

Venti ya thanki muiuzire, muone ngati ili yotseguka. Mavu amakonda kumanga dothi m'timapayipi timeneti ndege ikakhalitsa pansi.

Kuti muone ndi maso anu, ikani kachidutswa ka payipi yoonekera mkati pakamwa pa pampu, kwa mayeso apansi okha. Thovu likamaoneka injini ili yozizira, ndiye kuti pali polowa mpweya pa joini ina, ndipo malo otero satulutsa mafuta kunja, n'chifukwa chake savuta kuwaphonya. Likamabwera pokhapokha zinthu zikatentha, ndi nthunzi.

Mukatha kusuntha zonse, yezani kuchuluka kwa mafuta. 13B yopanda turbo pa mphamvu zonse imamwa malita pafupifupi 60 pa ola. Muyezo wakale wa FAR 23 (malamulo a ndege a ku America) wa ndege zodalira pampu ndi 125 peresenti ya zimene injini imamwa ponyamuka, ndipo omanga okha ambiri amatsata womwewo. Ndiye mukufuna malita osachepera 75 pa ola, kapena kuti lita 1.25 pa mphindi. Yezerani pa return, kuseri kwa reguleta, puresha ili pa 43, pampu imodzi imodzi, thanki ili ndi mafuta ochepa, mchira uli pansi mphuno ili m'mwamba ngati mmene ndege imakhalira pokwera. Kuyeza payipi ili yongotsegula popanda puresha kumapereka nambala yokoma imene ilibe ntchito.

Chomaliza ndi kabowo kopumira. Kuchokera kumapeto kwa rail, ikani kanjira kolambalala reguleta kupita ku return, kokhala ndi kabowo ka pafupifupi 0.5 mm. Pampu ikameza mpweya, mwachitsanzo thanki imodzi ikauma, siitha kukankha mpweyawo kuti utsegule reguleta ya 43 psi, ndiye imangolira osakoka mafuta ngakhale mwasinthira kale ku thanki yodzaza. Kabowoko kamatulutsa mpweya, pampu n'kugwiranso. Yesani pansi: umitsani thanki imodzi dala, sinthani valavu, werengani masekondi mpaka puresha ibwerere.

Namzeze:

Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndayesa, zotsatira ndi izi. Kapayipi ka reguleta ndi kouma. Mavalavu onse awiri atatsekedwa, puresha inachoka pa 43 kufika pa 20 m'mphindi imodzi. Injekita ya primary ya rotor yakumbuyo ikudontha, dontho limodzi pa masekondi angapo, zinazo ndi zouma. Zonse zinayi zikuwerenga ma ohm 13. Koyilo ya leading ikupereka moto. Kathanki kaja kanafika madigiri 58 injini itayenda mphindi 20, ndipo thovu m'payipi yoonekera limayamba zinthu zikatentha. Ndayezanso magetsi popukusa injini ili yotentha: pa kompyuta pakufika mavoti 9.2, ndipo liwiro likuonetsa 170 rpm. Batire lili kuseri kwa mipando.

Ndikasintha injekita imodziyo ndi kusuntha mapampu, nkhani ya kulira yatha? Nanga ikamira, njira yabwino yoiumitsira ndi iti pa ndege, poti kutsogolo kuli pulopela?

Mpheta:

Siinathe, achimwene. 170 rpm ndi yochepa. Injekita yodonthayo ndi imene ikuyambitsa, koma injini yopukusidwa bwino ikanatha kulira ngakhale itamwa pang'ono. Yanu ilibe mpata umenewo.

Rotary imataya mpweya m'mbali mwa ma seal nthawi zonse, ndipo ikamazungulira pang'onopang'ono mpweyawo umapeza nthawi yambiri yothawira. N'chifukwa chake Mazda amapereka manambala a kompuresheni pa 250 rpm. Ikatentha zimaipiraipira, popeza housing ya aluminiyamu imafutukuka kuposa ma seal achitsulo ndipo oyilo amapyapyala. Injini yolira m'mawa n'kukana masana ndi chizindikiro chodziwika cha liwiro lochepa la sitata kapena kompuresheni yotsika. Pa galimoto za Mazda RX-8 zoyambirira vutoli linali lofala mpaka Mazda anabweretsa sitata yothamanga kuposa yoyamba. Ndi giya yanu ya 2.85 mutha kuona ndi maso: pa 170 rpm pulopela ikuzungulira kamodzi pa sekondi, pa 250 iyenera kuzungulira katatu pa masekondi awiri.

Musanagule sitata, pezani kumene magetsi akutayikira. Ikani mita pa mitu ya batire popukusa. Likatsika pansi pa mavoti 10 pomwepo, batire latopa kapena ndi laling'ono. Likakhala bwino, ikani waya umodzi wa mita pa pozitivi ya batire, winawo pa bawuti ya sitata, pukusani. Kusiyana kusapitirire theka la voti. Chitani chimodzimodzi kuchoka pa thupi la sitata kufika pa negativi ya batire, ndipo kumeneko kukhale kochepera apo. Batire lili kuseri kwa mipando, ulendo ndi wautali, ndiye chingwe chikhale 25 mm² kapena 35 mm², ndipo cha negativi chifike pa injini penipeni, makamaka pa bawuti yomangira sitata. Injini yakhala pa malabala, musadalire kuti magetsi adutsa m'zitsulo zoimangira. Solenoid iliyonse yomwe ili panjira muiyeze payokha, mkati mwake mumapsa.

Mavoti 9.2 pa kompyuta akuwononganso zinthu zina zitatu. Makoyilo sadzaza mokwanira, moto umakhala wofooka nthawi imene pulagi yonyowa ikufuna wamphamvu. Mainjekita amachedwa kutseguka, ndipo kompyuta ikamalipira kuchedwako mosayenera mafuta amachuluka kapena kuchepa. Ndiponso makompyuta ena amazima n'kuyambiranso magetsi akagwa kwakanthawi kochepa kamene mita ya manambala siingaone. Kompyuta, makoyilo ndi mainjekita zitenge magetsi pa waya wakewake wochokera ku batire, osati pa chingwe cha sitata. Pa ndege yodalira magetsi kuti injini iyende, batire lachiwiri ndi lofunika kale, ndiye lingathe kudyetsa kompyuta pamene loyamba likupukusa.

Sensa ya crank angle ya injini yanu ndi ya maginito, mphamvu ya chizindikiro chake imakula ndi liwiro. Pa 170 rpm ndi yaing'ono. Waya wake akhale wa shield, shield igunde pansi mbali imodzi yokha, ndipo asayende limodzi ndi chingwe cha sitata kapena mawaya a mapulagi. Nambala ya rpm ikamadumphadumpha popukusa, kompyuta ikuwerenga phokoso. Onaninso ndi timing light ngati moto ukugwera pamene kompyuta ikunena. Pa pule ya fakitale pali zizindikiro ziwiri, chachikasu pa madigiri 5 kupitirira TDC (pamene chipinda chafinyika kwambiri) cha leading, chofiira pa madigiri 20 cha trailing. Mawaya asasinthane: bowo la m'munsi ndi L, la pamwamba ndi T, zilembozo zili pa housing. Mapulagi ake ndi NGK BUR7EQ ku leading ndi BUR9EQ ku trailing. Pulagi imene yamira kangapo muisinthe, imaoneka yoyera koma pansi pa kompuresheni moto umathawira m'mbali.

Magetsi akakhala bwino, yezani kompuresheni injini ili yotentha, throttle yotsegula yonse, mainjekita ndi makoyilo zozimitsa. Geji wamba imagwira ntchito mukachotsa kavalavu kakumapeto kwake kuti singano izidumpha ndi nkhope iliyonse. Rotor ili ndi nkhope zitatu, ndiye mukufuna kudumpha kutatu kofanana, mobwerezabwereza. Jambulani ndi foni, muonere pang'onopang'ono. Kumodzi kokwera, kuwiri kotsika, ndi apex seal, chifukwa imodzi imatseka zipinda ziwiri. Kuwiri kokwera, kumodzi kotsika, kawirikawiri ndi side seal yothyoka kapena yomatidwa ndi kaboni. Pa injini ya Renesis ya RX-8 buku limati 830 kPa pa 250 rpm, yochepetsetsa 680, kusiyana kwa nkhope kusapitirire 150, kwa ma rotor awiri kusapitirire 100. Ya 1989 ili ndi manambala ake m'buku lake, pamodzi ndi tchati chokonzera liwiro. Kumene muliko geji iwerenga pafupifupi 17 peresenti pansi chifukwa cha kukwera kwa malo, choncho injini ya 830 kugombe ionetsa cha m'ma 690 ku Highveld ili bwinobwino. Musaiphwasule musanakonze nambalayo.

Kabawi:

Injekita musasinthe imodzi yokha n'kutseka. Tumizani zonse zinayi zikatsukidwe ndi kuyezedwa pa benchi, zibwere ndi pepala loonetsa kuti zikutulutsa mofanana, ndi ma O-ring ndi malabala atsopano. Kenako funsani kuti chinailepheretsa kutseka n'chiyani. Pa ndege yatsopano kawirikawiri ndi zinyalala za pomanga: tizidutswa ta aluminiyamu, zomatira za thanki, nyenyeswa za labala zotsala podula mapayipi, ulusi wa tepi ya Teflon. Tepi imeneyo isapezeke paliponse pa mafuta. Dulani fyuluta yakale muone chimene yagwira, tsukani mapayipi onse a kuseri kwake, ndipo fyuluta ya ma micron 10 ikhale chinthu chomaliza mafuta asanalowe mu rail.

Kuumitsa injini yomira. Choyamba ndege imangidwe, mawilo atchingidwe, munthu wodziwa akhale pa mabuleki, kutsogolo kusakhale aliyense. Zimitsani mainjekita onse, siyani moto uli woyaka, tsegulani throttle yonse, pukusani masekondi 10, pumitsani sitata mphindi imodzi. Dzanja likhale pa throttle, chifukwa ikagwira imalumpha ndi mafuta omwe ali kale mkati. Ikangoyamba kutsokomola bwezani throttle pafupi ndi idle, yatsani ma primary. N'chifukwa chake masiwichi a mainjekita ayenera kukhala pofikira dzanja. Kuzimitsa pampu kokha sikukwanira, mu rail mumatsala puresha yothira kangapo.

Mukayesa katatu osatheka, lekani. Chotsani fyuzi ya makoyilo, osangodalira siwichi, tulutsani mapulagi a leading onse awiri, mawaya ake muwaike kutali, ikani chiguduli pamabowo, pukusani kuti nkhungu ya petulo ituluke. Nkhunguyo imayaka ndi kamoto kakang'ono, ndiye fyuzi ija isabwerere msanga. Kenako thirani oyilo mamililita 5 mpaka 10 pa rotor iliyonse kudzera pa bowo la leading, mogawira nkhope zitatu. Shafiti imazungulira katatu kuti rotor izungulire kamodzi, ndiye ndi giya ya 2.85 kuzungulitsa pulopela ndi dzanja gawo limodzi la magawo atatu kumabweretsa nkhope yotsatira. Ikani mapulagi ouma. Idzafuka utsi wambiri kwa mphindi zingapo, musadabwe. Ngati yamira kangapo, nunkhizani oyilo wa mu sampu, akamveka petulo musinthe.

Kazimitsidwe nakonso kasinthe. Zimitsani mainjekita, moto ukhalebe mpaka pulopela itaima, kuti zipinda zitsale zouma. Musailize yozizira n'kuizimitsa isanatenthe. Ngati kompyuta yanu ndi EC2 ya Real World Solutions, ili ndi siwichi ya cold start yowonjezera mafuta kwambiri, ndipo kuiyatsa injini ili yotentha kumamiza nthawi yomweyo. Ngati ndi kompyuta yowerenga sensa ya kutentha kwa madzi, onani pa laputopu nambala imene ikuona. Waya wa sensayo akaduka, makompyuta ambiri amaganiza kuti kunja kukuzizira kwambiri n'kuthira mafuta a m'mawa.

Pa kabowo ka a Chiombankhanga ndili ndi mawu pang'ono. Ntchito yake ndikuivomereza. Koma kakangoikidwa, puresha izigwa kufika pa 0 nthawi zonse mukazimitsa, ndiye chizindikiro chimene chakuthandizani kugwira injekita iyi simudzachionanso. Rail yopanda puresha imawiranso msanga mu cowling yotentha.

Chiombankhanga:

Zoona, a Kabawi, ndipo zonse ziwiri zili ndi mankhwala. Pa kanjira ka kabowoko paikidwe joini yoti itha kutsekedwa ndi kapu ya AN, kuti pa kuyendera ndege kwa chaka ndi chaka atseke, ayeze kugwa kwa puresha monga mwafotokozera, atsegulenso. Za kuwira kwa mu rail, return ikamapita ku thanki ya m'phiko, kuyatsa pampu masekondi 20 mpaka 30 musanapukuse kumachotsa mafuta otentha onse n'kubweretsa ozizira. Lamulo likhale lakuti sitata siikhudzidwa mpaka singano itaima pa 43 osagwedera. Ubwino wina ndi wakuti injekita ikadzayambanso kutayira, sidzakhala ndi puresha yoikankhira mafuta m'chipinda ndege ili chiimire. Kabowo kakang'ono chotero kamatsekeka ndi kachitsotso kamodzi, choncho katenge mafuta odutsa kale mu fyuluta yosalala, ndipo mayeso a lita 1.25 pa mphindi achitike kabowoko kali m'malo mwake.

Geji ya m'ndege ikhale ndi alamu. Popeza reguleta ikutsata manifold, pa idle muona cha m'ma 35 mpaka 38, pa throttle yonse ibwerera pafupi ndi 43. Ikamatsika pamene mukutsegula throttle m'malo mokwera, mafuta sakukwanira.

Mpheta:

Chinthu chimodzi choti muchiyang'ane mapulagi akadali kunja, a Namzeze. Pakati pa ma housing a 13B pali ma O-ring a madzi, ndipo injini imene inatenthapo kwambiri, kaya m'galimoto kaya pa mayeso apansi pamene radiyeta sipeza mphepo yokwanira, imayamba kulowetsa madzi m'chipinda ikazima, nthawi imene puresha ya madzi ikadali yokwera. Zizindikiro zake zimafanana ndi zanuzi: rotor imodzi yonyowa, kutsokomola, kenako kulira ndi rotor imodzi kwa masekondi angapo ndi utsi woyera wonunkhira motsekemera. Chonyowa cha pa pulagi muchiike pa pepala. Petulo amauma msanga, madzi a coolant amatsala. Popani mpweya mu njira ya madzi kufika pa puresha yolembedwa pa chivindikiro chake, siyani usiku wonse, m'mawa muone geji, kenako zungulitsani pulopela ndi dzanja fyuzi ya makoyilo ili kunja, muone ngati pa bowo la leading la kumbuyo patuluka dontho.